Atsamunda Omenyera Ufulu

Chaka chimene ntchito yanga inatha ku Citywest, kuno ku Ireland, mwana wathu wamkazi anali ndi zaka khumi ndi zinayi, ali m'chaka chachiwiri cha sekondale. Ine ndinkayendetsa fokolifiti, kagalimoto konyamulira katundu, m'nyumba yosungira katundu ya kampani ina yogulitsa matailosi ndi zipangizo za m'bafa. Anthu atasiya kumanga nyumba, matailosi nawo anasiya kuyenda, ndipo Lachisanu lina abwana anatiitana mmodzimmodzi n'kumatigwira chanza. Anthu a kuno amadziwa kuchotsa munthu ntchito. Amakupepesa mpaka iwe wochotsedwawe n'kuyamba kuwamvera chisoni. Pa wailesi nkhani inali imodzi, ya kugwa kwa chuma: risesheni m'mawa, risesheni madzulo.

Choncho ndinasanduka munthu wa pakhomo ku Finglas. Mkazi wanga ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, ndipo kumeneko risesheni sinafike, poti anthu sasiya kukalamba. Iye ankalawirira, ine n'kutsala ndi mbale ndi makina ochapira. Kukhala manja lende sindinakuzolowere. Kwathu ku Thyolo ndinaphunzitsa Sitandade 8 zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ana a m'kalasi mwanga ankasankhidwa. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti amene analakwitsa zimene ndikufuna kusimbazi sanali mbuli.

Mwana wathuyo anabwera kuno ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Chichewa amamva chonse, makamaka chimene tikunong'onezana kuti asamve, koma poyankha amayankha m'Chingerezi cha ku Finglas, chothamanga ngati wina akumupirikitsa. Zonena zake zambiri ndizilemba m'Chichewa, chifukwa ndi mmene zimakhalira zikafika m'mutu mwanga. Homuweki anasiya kundionetsa akadali ku pulaimale, tsiku limene tinakangana pa samu ya kugawa, ine ndikuumirira kuti njira ya aphunzitsi ake ndi yozungulira. Kuyambira pamenepo ankati akaweruka, molunjika kuchipinda kwake, chitseko n'kutseka. Zinkandiwawa, sindibisa. Ana a anthu ena ndinawaphunzitsa mazanamazana, wanga mmodzi yekhayo sankandifunsa ngakhale tanthauzo la mawu.

Tsiku lina masana ndikusenda mbatata kukhitchini, analowa, naponya chikwama pampando, n'kuika buku la histole patebulo pafupi ndi makoko.

"Dad, what's colonists in Chichewa?"

Ndinapukuta manja pang'onopang'ono kuti asaone mmene mtima wadumphira. Patha zaka zinayi, lero wabwera yekha.

"Atsamunda," ndinatero. "Ukufuna kudziwa chiyani za atsamunda? Khala pansi, wafika pa mwini wake."

Anandifotokozera kuti aphunzitsi awapatsa ntchito yolemba masamba awiri za nkhondo imene Amereka anapezera ufulu, ndipo Lachisanu aliyense akawerenga zake pamaso pa kalasi. Kenaka anawerenga mzere wa m'bukumo, woti makolonisti aja anatopa ndi misonkho ya mfumu ya ku Britain, anatenga mfuti kumenyera ufulu wawo, napambana, n'kuyambitsa dziko latsopano.

"Tabwereza," ndinatero. Anabwereza. Ndinaseka mpaka kugwira tebulo.

"Mwana wanga, apa pasokonekera. Atsamunda samenyera ufulu. Anthu ndi amene amamenyana ndi atsamunda kuti apeze ufulu. Unamvapo fisi akudandaula kuti mbuzi zikumuzunza?"

Kwa ife a ku Thyolo mawu amenewa si a m'buku. Agogo anga aamuna anagwira thangata, kulimira mzungu mwezi wathunthu kuti awalole kugona pa dothi limene makolo awo anaikidwapo. Bambo anga anathyola tiyi moyo wawo wonse, dengu kumsana, zala zitachita zikang'a. Ukandiuza kuti mtsamunda, ine ndimaona nyumba ya njerwa pamwamba pa chitunda, khonde lalitali, ndi munthu wovala kabudula akuwerenga anthu ngati ng'ombe. Ndiye wina adzandiuze kuti munthu ameneyo anali kulira ufulu?

Mwanayo analoza mzere uja ndi chala. Ndinamuuza kuti mabuku amalembedwa ndi anthu, ndipo anthu amasokoneza. Kenaka ndinatembenuza tsamba, n'kupeza chithunzi chimene chinandimaliza. Panali sitima yapamadzi itaima padoko, ndipo pamwamba pake amuna ovala nthenga kumutu, nkhope zopaka utoto, nkhwangwa m'manja, akuswa mabokosi a tiyi n'kumakhuthulira m'nyanja.

"Taona apa. Awa ndani? Mzungu amavala nthenga? Awa ndi eni dziko. Nanga tiyiyu ndi wa yani? Wa atsamunda. Nkhani yatha."

Munthu aliyense wokulira pakati pa minda ya tiyi analakalakapo kuchita zimene amuna amenewo ankachita, choncho ndinawamvetsa pompo, ngati abale anga. Pansi pa chithunzicho panali timawu ting'onoting'ono. Magalasi anga anali kuchipinda cham'mwamba, ndipo sindinaone chifukwa chokwerera masitepe kukatenga umboni wa nkhani yoonekeratu.

Ndinaimirira n'kuyamba kuphunzitsa. Kampeni kosendera mbatata kanasanduka choko. Ndinayenda kuchoka pa sinki kufika pa furiji, kubwerera, ndikulakatula Chingerezi changa cha ku koleji ya aphunzitsi, iye akulemba. Ndinamuuza za eni dziko la Amereka amene anatopa ndi atsamunda, nataya tiyi wawo m'madzi, namenya nkhondo zaka zambiri mpaka kuwapirikitsa. Kawiri konse anadzutsa mutu n'kufunsa, "Dad, are you sure?" Kawiri konse ndinamuyankha kuti, "Iwe lemba." Mbatata zinada m'beseni, osaphikidwa.

Mkazi wanga anatipeza tili pa ndime yomaliza. Anaima pakhomo, nsapato za kuntchito zili m'manja.

"Kodi Aphunzitsi atsegula sukulu? Fizi ndi zingati?" Akafuna kundinyogodola amanditcha choncho. Kenaka anafunsa, "Koma bukulo mwaliwerenga, bambo?"

"Histole imeneyi ndinabadwiramo, mayi. Buku ndi la amene sanaione."

Tsiku limenelo ndinadya bwino kuposa masiku onse chichokereni ku Citywest.

Lachisanu mwana anaweruka, sanalowe kukhitchini. Ndinamva masitepe, kenaka chitseko. Ndinaitana kufunsa mmene zayendera, yankho silinabwere. Loweruka mayi ake akukhuthula matumba a yunifolomu kuti achape, anapeza mapepala aja atapindidwa kanayi. Pansi pake aphunzitsi analemba ndi cholembera chofiira kuti Chingerezi n'chabwino, koma mbali zomenyana wazitembenuza, akawerengenso mutu wonsewo. Malikisi ake sindiwatchula. Mkazi wanga anakwera kukacheza naye, ndipo potsika anandiuza kuti kalasi yonse inaseka mwana ali chiimire kutsogolo, ndipo pa nthawi yopuma ena anatola nthenga ya mbalame ya kunyanja n'kumuikira pa desiki.

Ndinapsa mtima, koma musaganize kuti ndinadzipsera ndekha. Ndinapsera mtima aphunzitsi, buku, ndi dziko lonse limene linapondedwa ndi Angerezi zaka mazanamazana koma likuphunzitsa ana kuti atsamunda ndiwo ankazunzika. Mwana sanandilankhule Loweruka lonse ndi Lamulungu lomwe. Patebulo ankapempha mchere kwa mayi ake, mcherewo uli pafupi ndi ine. Ndinaona kuti chitseko chimene chinatseguka kamodzi pa zaka zinayi chikutsekekanso, ndipo ndinatsimikiza kuti njira yochitsegulira ndi imodzi: ndikaonetse kuti bambo ake sanalakwe.

Lolemba ndinasita malaya, n'kuvala jekete ndi tayi zimene ndinkasungira ma intaviyu.

"Mukadadzera kaye kulaibulale," anatero mkazi wanga akumanga lamba wa chikwama.

"Laibulale ndine."

"Chabwino, Aphunzitsi. Safunsa anadya phula."

Mwana sindinamuuze kuti ndikupita kusukulu kwake. Kumeneko anandidikiritsa pabenchi pafupifupi ola, kenaka kunabwera mayi wa msinkhu wanga, wa tsitsi lalifupi la imvi, buku lija lili m'khwapa. Ndiwo anali aphunzitsi a histole. Tinalowa m'kachipinda kodzaza ndi mipira ndi mabokosi a mapepala, ndipo ndinayamba. Ndinawauza kuti nanenso ndine mphunzitsi. Ndinawauza za thangata, za dengu la bambo anga, za nyumba ya pachitunda. Ndinawafunsa ngati iwo, mwana wa dziko la Ireland, sachita manyazi kuphunzitsa zotere. Ndinalankhula bwino, ndipo mpaka lero ndimati likanakhala khoti la nkhani ina, ndikanawina.

Sanandidule. Nditamaliza anatsegula buku pa chithunzi chija, nalitembenuzira kwa ine, n'kuika chala pa timawu tam'munsi tija. Tsiku limenelo magalasi ndinali nawo. Timawuto tinkati awa ndi makolonisti a ku Boston atadzisandutsa ngati eni dziko kuti asazindikirike. Ndinawerenga kawiri. Kachitatu ndinavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi tayi.

Anandifotokozera modekha, mmene ine ndinkafotokozera mwana wobwereza kalasi. Anthu amenewo anali ana ndi zidzukulu za ochokera ku Britain, amene anawoloka nyanja, natenga malo, n'kulima fodya ndi tirigu. Patapita mibadwo anayamba kukangana ndi mfumu yawo yomwe, chifukwa inkawadula misonkho koma ku nyumba ya malamulo ku London analibe wowalankhulira. Madera awo khumi ndi atatu anagwirizana, nalemba chikalata chodzilekanitsa, namenya nkhondo n'kupambana.

"Nanga eni dziko enieniwo?" ndinafunsa.

"Iwowo zinthu zinangoipiraipira," anatero. "Ndipo ambiri mwa olemba za ufuluwo anali ndi akapolo kunyumba."

"Ndiye anali atsamunda ndithu."

Anandifunsa kuti mawu amenewo ndi otani. Ndinawauza kuti mkati mwake muli munda. Anaseka pang'ono, nati nawo ali ndi dzina lawo la anthu amene anapatsidwa minda ya makolo awo, amawatcha ma planter, odzala. Anandipempha kuti ndiwalembere mawu athuwo pa kapepala, ndipo ndinalemba ndi zilembo zabwino za pabolodi. Apo ndinaona ngati mpata wapezeka, n'kufunsa ngati malikisi angasinthe. Anapukusa mutu. Anati funso langa ndi labwino, koma zimene mwana analemba sizinachitike, ndipo zosachitika alibe pozipatsira malikisi. Ndikanakhala ine pampando wawo ndikananena zomwezo.

Tikutuluka anawonjezera kanthu kena. Anati chinawadabwitsa n'chakuti sabata yapitayo anafunsa mafunso apakamwa pa mutu womwewo, ndipo mwana wanga ndi amene anayankha bwino kuposa onse. Ndinangoti zikomo. Mawu amenewo sanandilowe nthawi yomweyo, chifukwa belu linali litalira, ana atadzaza m'khonde, ndipo pakati pawo panali mwana wanga ndi anzake awiri. Anandiona, ine ndi tayi yanga, ndikutuluka ndi aphunzitsi ake. Ndinakweza dzanja. Iye anatembenukira kukhoma n'kumawerenga chidziwitso cha masewera.

Kunyumba sindinathe kupita. Ndinakwera basi ya m'tauni n'kukatsikira ku Parnell Street, ati kukagula nsomba zouma. Ku Moore Street ndinakumana ndi mnzanga wina wa ku Zambia amene tinachotsedwa naye ntchito tsiku limodzi. Anayamba n'kuseka tayi, akufunsa ngati ndapeza ntchito ya umanijala. Ndinamusimbira zonse tili chiimire pafupi ndi mayi wogulitsa nthochi. Anaseka mpaka kutsamira khoma.

"Ba mudala, imwe ba teacher bonse simunaione? Ni story ya Rhodesia iyo. Baja bazungu ba ku Salisbury benze kufuna chani? Si independence? Banakangana na Queen wao, bati tizazilamulira teka. Manje baja ba ku America ni same same, difference ni yakuti beve banawina."

Mnzangayo ankanena zoona. Za Rhodesia ndinkazidziwa bwino lomwe, amalume anga anagwira ntchito kumeneko. Ndinali ndi chitsanzo m'thumba nthawi yonseyi, koma mawu amodzi anandiphimba m'maso. M'Chichewa mtsamunda ali ndi ntchito imodzi basi, yopondereza, ndipo ufulu ndi wa amene akupondedwa. Sizinandifikepo m'mutu kuti munthu angathe kuponda mnzake ndi phazi ili, phazi linalo wina atamuponda.

Masiku atatu otsatira ndinakhala kulaibulale ya ku Finglas, pakati pa amuna anzanga osowa ntchito amene ankadikira makompyuta. Ndinawerenga mutu wa m'buku la ana lija wonse, timawu tating'ono tomwe, kenaka buku lina lalikulu. Ndinene zoona, anthu aja ndinayamba kuwapatsako ulemu. Alimi ndi amisiri kulimbana ndi asilikali a mfumu, nyengo yozizira ena alibe nsapato, si masewera. Chinandigwira mtima kwambiri ndi mkulu wa nkhondo wawo, amene atapambana anatula udindo n'kubwerera kumunda kwake, ndipo atamusankha kukhala mtsogoleri analamula zaka zake n'kuchoka yekha. Ife a ku Malawi tikudziwa kuti kuthamangitsa mfumu ya kutali n'kosavuta poyerekeza ndi kudzutsa wakwanu pampando. Koma kumunda kumene anabwererako ankalima ndi akapolo, ndiye pa dzina lija la atsamunda sindinasinthe maganizo. Funso langa linali labwino. Yankho ndi limene ndinapeka.

Zonsezi sizinathandize kanthu kunyumba. Chiyambire tsiku la tayi lija mwana anasiya ngakhale kudya nafe, ankatenga mbale n'kukwera nayo. Kwathu bambo sapepesa mwana, amangomugulira nsapato, nkhani n'kutha. Ine bambo anga sanandipepesepo, ndipo sindinkadziwa kuti mawu ake amayambira pati. Loweruka m'mawa, mayi ake atapita kuntchito, ndinakwera masitepe n'kugogoda.

"Odi, mayi."

Kenaka anati chitseko n'chosakhoma. Ndinamupeza atakhala pabedi, miyendo atapinda, mabuku ali mbwee. Ndinaima pakhomo ngati mlendo.

"Ndinalakwa," ndinatero. "Buku linali bwino, iwenso unali bwino. Ndinakuchititsa manyazi m'kalasi, kenaka ndinabweranso kudzawonjezera. Pepa, mwana wanga."

Ankakanda chikuto cha buku ndi chikhadabo. Ndinamuuza kuti ndawerenga zonse, ndipo ndikanapitiriza mpaka kumufotokozera za Rhodesia, koma mawu a aphunzitsi aja anandibwerera, ndipo ndinafunsa chimene chinkandisautsa sabata yonse.

"Aphunzitsi ako akuti mutu umenewu unkaudziwa kale. N'zoona?"

Anagwedeza mutu.

"Nanga unandifunsiranji?"

"Dad, atsamunda ndimawadziwa," anatero, ndipo mawu amodziwo anawatchula bwinobwino ngati wa ku Luchenza. "Mumawatchula tsiku lililonse mukamaonera nyuzi. Kungoti ndikamabwera kusukulu ndimakupezani mutakhala kukhitchini, wailesi yozimitsa, nsapato za kuntchito zili kuphazi ngati pali kumene mukupita. Ndinangofuna mukhale ndi chochita."

Za nsapatozo sindinkadziwa kuti wina amaziona. Ndinagwira chitseko.

"Chabwino. Koma unalemberanji zinthu ukudziwa kuti n'zolakwika? Ukanatha kukasintha kuchipinda kuno, ine osadziwa."

"Ndinaganiza zosintha," anatero. "Koma munanena kuti Lachisanu ndidzabwere nalo pepalalo mudzaone malikisi. Ndipo munali mukuseka, Dad. Munali musanaseke kuyambira tsiku lija munabwera ndi katoni ya zinthu zanu. Ndinati mwina aphunzitsi sakwiya kwambiri."

Ine ndinkayesa kuti mwana wabwera kudzatunga nzeru kwa bambo ake. Chonsecho anabwera kudzandidzutsa, ndipo anapita kukaima pamaso pa anzake makumi atatu atanyamula bodza langa, akudziwa kuti ndi bodza. Manyazi amene ndinachita pamaso pa aphunzitsi aja anali aang'ono. Awa anandifika m'mafupa, ndipo pamodzi nawo panabwera kunyada kumene sindinakumvepo ndi mwana aliyense amene ndinamuphunzitsa.

Iye ndi amene anandipulumutsa. Anasuntha mabuku, napanga malo kumapazi a bedi, nati Lachitatu ali ndi mayeso a mutu womwewo, ndipo ngati ndikufuna ndikhoza kumufunsa mafunso a kumapeto kwake.

"Koma muwerenge mmene alembedwera," anatero. "Osawonjezera zanu."

Ndinakhala pansi n'kulandira buku ndi manja awiri. Mafunso analipo khumi ndi awiri, ndipo ndinawawerenga onse monga analembedwera. Anakhoza onse. Pa funso lachisanu ndi chinayi misozi inayamba kutsika, ndipo iye anayang'ana kumbali, akunamizira kufunafuna cholembera, mpaka nditamaliza kumina.